Iolanda ndi Dzina Limene Linalipo Kale

Ndinayamba kumuona bwino Iolanda m'mawa wina wa mwezi wa Junyu, akukalipira makina. Anali atagwira kale ntchito masabata angapo pa sede, ofesi yaikulu ya bungwe lathu la alimi kuno ku Tsangano, koma ine sindizolowera kuyang'ana anthu kumaso, choncho ndinkangodziwa nsapato zake: zakuda, zachimuna, zodzaza matope a kumsika. Tsiku limenelo chifunga chinali chitakuta tauni yonse, ndipo ndinkakolopa m'khonde manja atauma ndi kuzizira. Kenako ndinamva mawu m'kachipinda kosungiramo mbewu.

"Iwe! Tiye! Waimiranso chiyani?"

Ndinaganiza kuti mwalowa mbuzi. Nditasuzumira ndinaona mayi wachitsikana atakhala pa thumba la nyemba, atafunda chitenje pamwamba pa juzi, kompyuta yaing'ono ili pamiyendo. Pa thabwa patsogolo pake panali bokosi lachitsulo lakuda limene linkalira ngati njuchi zili m'mphako. Ndilo ankalikalipira.

"Pepani," ndinatero ndikubwerera m'mbuyo.

"Ayi, lowani, mayi. Bwerani muone ng'ombe yaulesi." Analoza bokosilo ndi chibwano. "Imeneyi dzina lake ndi servidor. Makalata onse a imelo a bungwe lino amagona m'mimba mwakemu. Ndaipatsa kantchito kochepa, yangoima pakati pa munda."

Kuyambira tsiku limenelo ndinkachedwa dala ndikamakolopa pakhomo pa kachipindako.

Ine ndine Cristina. Ndimasesa pa sede, ndimawiritsa tiyi, ndimasunga makiyi. Ntchitoyi anandipatsa amuna anga atamwalira, chifukwa iwo anatumikira bungweli zaka zambiri ngati mlangizi wa alimi ku Chidzolomondo, m'boma la Macanga. Sikola ndinalekezera kalasi ya nona, yachisanu ndi chinayi. Za makompyuta sindidziwa, koma zimene munthu akunena mokuwa tsiku ndi tsiku pafupi ndi ndowa yako, umayamba kuzitsata.

Chaka chimenecho bungwe linalemba alangizi atsopano ambiri m'midzi ya Tsangano ndi ya Macanga. Ogula nyemba ndi mbatatesi a ku Tete ndi ku Beira anati atopa ndi kuimba mafoni osagwira, ankafuna kumalembera mlangizi aliyense pa imelo yakeyake. Mlembi wathu, a António, anasonkhanitsa maina onse, midzi yawo ndi manumeru a foni mu fisheru imodzi, mndandanda wa pa kompyuta. Ntchito ya Iolanda inali youza servidor kuti imeze fisheru yonseyo nthawi imodzi, kuti munthu aliyense atuluke ndi imelo yake ndi senya yake, mawu achinsinsi otsegulira bokosi lake la makalata.

A Fabião, purezidenti wa bungwe, anauza Iolanda pamaso pa tonsefe kuti: "Pofika tsiku la msonkhano waukulu, kumapeto kwa mwezi uno, aliyense akhale ndi imelo. Ndati aliyense. Apo ayi, ku Ulongwe kuli munthu amene akuuyang'ana mpando umenewo." Iolanda anali pa ntchito yoyesedwa, sanali atalembedwa kwenikweni. Anangoti, "Ndamva, a Purezidenti," n'kubwerera ku matumba ake a nyemba.

Kagwiridwe kake ka ntchito kankadabwitsa aliyense. Galasi la kompyuta ya a António limakhala ndi zithunzi ndi mitundu, koma la Iolanda linali lakuda bii, zilembo zoyera zokhazokha. Ankalemba mzere umodzi, n'kumenya batani lalikulu ndi chala chapakati ngati akupha nsikidzi, n'kudikira. Makinawo ankayankha m'Chingerezi, iye n'kumatanthauzira mokuwa, theka m'Chipwitikizi theka m'Chichewa, ngakhale panalibe womufunsa.

Poyamba servidor inati fisheruyo sikuiona.

"Ili apa! Ndakuikira pamphuno penipeni!"

Zinapezeka kuti anali ataiika pamalo ena, osati pamene anatchula mu mzere wake. Ataikonza, inati iye alibe chilolezo choitsegula.

"Ine? Amene ndimakupukuta fumbi m'mawa uliwonse, lero ndikupemphe chilolezo?"

Tsiku lotsatira inavomera, ndipo ndinamumva akuwomba m'manja kamodzi. Chimwemwecho sichinafike masana. Servidor inali italenga anthu a maina aatali ngati msewu: dzina, mudzi, numeru ya foni, zonse zitamatirana kukhala dzina limodzi. Akuti kompyuta ya a António inkalekanitsa zinthuzo ndi chizindikiro china, pamene servidor inkayembekezera china. Anawafufuta onsewo, n'kuyamba kukonza fisheru.

A António anakhumudwa. "Ine ndinalemba bwinobwino. Pa kompyuta yanga ikutseguka mosavuta."

"Ndikudziwa, tiyu António. Vuto si inu. Kompyuta yanu ndi ng'ombe yangayi zinakulira m'makola osiyana."

Kenako servidor inakana anthu a mudzi wina chifukwa onse analembetsa numeru imodzi ya foni, ya mwini chigayo, poti ndiye yekha amene foni yake imagwira. Atathana ndi zimenezo n'kuyambitsanso, magetsi anazima ntchito ili pakati. Batire la servidor linalira ngati kamwanapiye kotayika, kenako zii. Iolanda anatuluka panja, anaima pa udzu wonyowa atagwira m'chiuno. Ndinamupititsira tiyi komweko.

Masana ankadyera m'kachipinda momwemo, mbatatesi yowiritsa yothira mchere, yochokera kwa makolo ake ku Ntengo-Wambalame. Tsiku lina anandiitana. "Mayi Cristina, kudya nokha kuseri kuja mudzaonda. Bwerani, thumba lina ili." Ndi mmene ndinadziwira za moyo wake. Ankayankhula kwambiri ndipo sankadikira kuyankhidwa, zimene kwa ine zinali zabwino.

Bambo ake ali ndi ng'ombe zolimira. Ana awo oyamba onse anali aakazi, choncho Iolanda ndiye ankagwira chingwe kutsogolo kwa pulawo kuyambira ali wamng'ono, m'mawa asanapite ku sikola. Anaphunzira ku Ulongwe, kenako za makompyuta ku Tete, kumene akuti kutentha kwake kunkamutulutsa magazi m'mphuno. Atamaliza sanapeze ntchito ya zimene anaphunzira. Anakhala zaka zingapo ku Tete komweko, mu kasitolo kena pafupi ndi mlatho, akujambula mapepala a anthu ndi kuwalembera makalata ofunsira ntchito. Ali ndi mwana wamkazi wamng'ono amene amakhala ndi agogo ake kumudzi. Ntchito ya kuno inali yoyamba yomufikitsa pafupi ndi kwawo, moti Loweruka ankakwera lole ya mbatatesi n'kukagona ndi mwanayo.

"Ku Tete sindibwererako," anatero akusenda mbatatesi ndi chikhadabo. "Ndili kumeneko, mwana wanga anayamba kunditchula titiya, ngati ndine azakhali ake. Ndikafika kumudzi ankabisala kuseri kwa amayi. Pano wayambiranso kunena kuti mama. Ndiye ng'ombe iyi ilima, ifune isafune."

Magetsi atabwera anayambitsanso. Maina a ku Tsangano analowa onse, zilembo zikutsetsereka pagalasi ngati madzi mu ngalande ya kudimba. A ku Macanga analowa ochepa oyambirira, kenako servidor inaima.

"Já existe," anawerenga. "Akuti alipo kale."

Onse amene anali m'munsi mwa dzina limenelo anatsala kunja. Iolanda sanadandaule kwambiri. Anati ndi zinyalala zake zomwe, zotsala pa tsiku limene magetsi anazima, pamene anthu ena anali atalowa theka. Anachotsa onse amene anawalenga sabata imeneyo, n'kuyambiranso. Inaima pomwe paja. Anachotsanso, anayang'ana fisheru ngati dzinalo linalembedwa kawiri, sanapeze, anayambitsanso. Inaima pomwe paja.

Anakaima pa chulu cha kuseri kwa sede, pamene foni imagwira bwino, n'kuimbira mnzake amene anaphunzira naye ku Tete. Ndinkamumva ndili pa mpopi. "Ndachita zimenezo! Zimenezonso ndachita! Iwe, ukundimva kapena ukudya?" Mnzakeyo akuti anamuuza kuti angofufuta chinthu chokanacho ndi dzanja, basi.

Sabata ya msonkhano itayamba, a Fabião analowa okha m'kachipindako. Ndi munthu wamkulu thupi, ndipo anachita kupendekeka kuti adutse pakati pa matumba. Anayang'ana galasi lakuda lija nthawi yaitali.

"Kodi yafa?"

"Ayi, a Purezidenti, ili moyo. Ndi mmene timayankhulira nayo."

"Mdzukulu wanga amatsegula imelo pa foni ndi chala chimodzi, china akudyera chimanga. Inu mwezi wathunthu."

"Mdzukulu wanu amatsegula yake yokha. Ine ndikutsegulira maboma awiri."

Ndinaona a António akuweramira pa mapepala awo. A Fabião sanaseke. Anati, "Loweruka," n'kutuluka.

Lachitatu m'mawa Iolanda anafika atamanga nkhope. Sanavule ngakhale chitenje. "Lero ndimufufuta mwini dzina lokanali ndi bokosi lake lomwe," anatero. Analemba mzere wake, chala chapakati chinakwera m'mwamba. Koma anali ndi chizolowezi chimodzi, chimene ankati anachitenga kwa bambo ake: thumba asanalitaye amayamba alinyamula kuti amve ngati mulibedi kanthu. Anatsitsa chalacho, n'kufunsa kaye servidor kuti bokosi la munthuyo linali lolemera bwanji.

Yankho linatuluka pagalasi, iye n'kuliwerenga.

"Zosatheka. Munthu ndamulenga sabata yatha, makalata a zaka zonsezi wawatenga kuti?" Anayandikiza nkhope pagalasi. "Julião Kachingwe ameneyu ndi ndani?"

Sankafunsa ine. Koma ndinali nditagwada pakhomo ndi chikolopa m'manja, ndipo pakamwa panga panayankha pokha.

"Ndi amuna anga."

Anatembenuka nkhope itawala. "Aa, ndiye zaphweka! Anali nayo kale imelo? Bwanji osanena? Auzeni kuti…"

"Anamwalira, a Iolanda. Mvula yagwa kawiri chiwaikireni m'manda."

"Mayi, musandiseweretse. Dzulo lomweli ndayankhula nawo pa foni. Amafunsa imelo yawo, akuti nyemba zikufumbwa ku Chidzolomondo."

"Amenewo ndi a Julião atsopano."

Ndinamufotokozera mwachidule, maso ali pa ndowa. Maliro atatha, pa tsiku la kumeta, abale a amuna anga anakhala pansi n'kupereka dzina lawo kwa mwana wa mlongo wawo, amene kale ankatchedwa Hélio. Anampatsa dzina lonse, pamodzi ndi munda wa ku Chidzolomondo ndi njinga yamoto, ndipo chaka chino bungwe linampatsanso ntchito ya ulangizi. Kuyambira tsiku limenelo palibe amene amati Hélio. Inenso ndimati a Julião, ndipo ndimawapatsa ulemu wa dzinalo, ngakhale ndinkawasambitsa ali khanda. A António anawalemba mu fisheru mmene aliyense amawatchulira. Nanga akanalemba bwanji?

"Kwathunso timatero," anatero Iolanda chapansipansi. "Amalume anga aang'ono ali ndi dzina la agogo. Koma m'mutu mwangamu sizinabweremo n'komwe." Kenako anafunsa kuti, "Atamwalira, palibe amene anatseka bokosi lawo?"

Palibe amene ankadziwa kuti zimenezo zimachitika. Tinabweza makiyi a ku nkhokwe ndi chipewa cha bungwe, basi.

Anayang'ana mzere wofufuta uja, umene unali ukadali pagalasi kudikira batani. Anauchotsa chilembo chimodzichimodzi.

"Sindikufuna kutsegula," anatero. "Koma muli zotani m'menemu, mukudziwa?"

"Za ntchito. Zithunzi za minda. Ndi makalata a Stella."

Stella ndi mwana wathu, ali pa banja ku Beira. Bambo ake analibe imelo ina, choncho ankawalembera pa imeneyo, makamaka chaka chimene banja lake linkagwedera. Pali zinthu zimene ankauza bambo ake okha. Ine sindinaziwerengepo, ndipo sindinafunsepo.

Iolanda anagwedeza mutu. Anawonjezera kachilembo kamodzi mu mzere wake woyambitsira fisheru uja, kouza servidor kuti ikakana munthu mmodzi imudumphe n'kupitiriza ndi ena. Tiyi asanazizire, alangizi onse a ku Macanga anali atalowa. Kunja kunatsala munthu mmodzi yekha.

A Julião anafika Lachinayi pa njinga yamoto ija, fumbi lili mbuu mpaka m'zikope. Ndi munthu wabwino, wolimbikira ntchito, ndipo anali atatopa. Anakhala m'chipinda cha a Fabião pamodzi ndi a António ndi Iolanda. Ine ndinalowa ndi makapu, ndipo palibe anandiuza kuti ndituluke.

Iolanda anafotokoza kuti servidor siilola anthu awiri kukhala ndi imelo ya dzina limodzi. "Njira yachangu, ndikulembeni ndi dzina la pa chitupa chanu. Lero lomwe mukhala nayo."

"Dzina liti?" anafunsa a Julião.

"La Hélio."

A António anatsokomola.

"Achemwali," anatero a Julião mwaulemu koma mawu atalimba, "dzina limenelo linatsala pa bwalo tsiku limene tinameta. Ndikapite kwa alimi ndi pepala lolembedwa Hélio? Abale anga aziti ndataya dzina la amalume chifukwa cha makina?"

"Chabwino. Ndiye dzina lomwelo, koma tiwonjezere numeru kumapeto. Julião Kachingwe dois."

"Dois? Ndine wachiwiri kwa ndani? Ndine mkazi wa mitala ine?"

A António anaseka n'kudzigwira pakamwa. A Fabião anamenya tebulo pang'ono ndi chikhatho.

"Mukuvutikiranji? Bokosi lilipo kale, dzina ndi lomwelo, ntchito ndi yomweyo. Munda anatenga, njinga anatenga. Mpatseni senya ya bokosilo, nkhani yatha. Mulinso makalata a ogula akale, amuthandiza."

"Zimenezo ndiye ayi, a Purezidenti," anatero Iolanda.

"Mwati bwanji?"

"Ndati ayi. Njinga siisunga mawu a munthu. M'bokosimo muli makalata amene anthu analembera munthu wina, osati awa."

A Fabião anatembenukira kwa ine. "Mayi Kachingwe, inu mukuona vuto?"

"Muli makalata a Stella," ndinatero. Sindikudziwa ngati mawu anga anafika kutsidya kwa tebulo.

"Stella ndi msuweni wake. Ndi nyumba imodzi imeneyo."

A Julião anangoti, "Ine za Stella sindikuzifuna. Ndikufuna ogula andipeze. Anthu akundidikira ndi matumba pakhonde."

Iolanda ananena njira yake. Akopera zonse za m'bokosi lakale mu fulashi, kachipangizo kosungira zinthu za pa kompyuta kooneka ngati chala, n'kupereka kwa ine ndi Stella. Akatsimikiza kuti zonse zalowa, achotsa bokosi lakalelo n'kutsegula latsopano pa dzina lomwelo, lopanda numeru kumapeto. Makalata ochokera kwa ogula awasankha poyang'ana amene anatumiza, osawatsegula, n'kuwaika m'bokosi latsopanolo.

"Zitenga nthawi yaitali bwanji?" anafunsa a Fabião.

"Bokosilo ndi lolemera, ladzaza zithunzi. Magetsi akakhalapo, mawa madzulo ndatha."

"Pamene senya mukanaisintha tisanamalize tiyi uyu."

"Inde."

A Fabião anaimirira. "Ndakuuzani chochita pamaso pa anthu, mwakana pamaso pa anthu. Chabwino. Loweruka tionana."

Fulashi inali yake yomwe ya Iolanda, mmene ankasungiramo zithunzi za mwana wake. Anazisamutsira pa kompyuta yake kuti apeze malo. Kukopera kunayamba masana omwewo, ndipo kunkayenda ngati ngolo yodzaza manyowa pa chitunda. Pagalasi panali kamzere kamene kankatalika pang'onopang'ono. Iye ankakayang'ana, n'kumanyengerera. "Tiye, mayi. Tiye, usatope. Tatsala pang'ono kufika kumutu kwa munda." Dzuwa litapendeka magetsi anazima, ndipo atabwera zinayenera kuyambira pachiyambi.

Lachisanu magetsi kunalibe tsiku lonse. Akuti mtengo unagwera pa waya kumsewu wa ku Ulongwe. Iolanda anayenda tauni yonse kufunafuna jenereta. Ya kuchigayo inali pa ntchito, ya kutchalitchi inali itawonongeka, ndipo wa sitolo ina anati yake sabwereketsa kwa akazi chifukwa sadziwa kuikoka. Anabwerera nsapato zili matope okhaokha. Anakhala pa thumba lake n'kumayang'ana bokosi lozimalo.

"Mayi Cristina, mukudziwa chimene chikundipweteka? Magetsi akabwera mawa m'mawa, senya ija ndikhoza kuisintha ndisanavule chitenje. Mzere umodzi. Ndikuudziwa pamtima."

Sindikanamuuza kuti achite, sindikanamuuzanso kuti asachite. Mwana amene anayamba kunena titiya sanali wanga.

Magetsi anabweradi Loweruka m'mawa. Anayambitsa kukopera, osati zinazo, n'kutseka kachipindako, tonse n'kupita ku msonkhano.

Unachitikira m'holo ya kutchalitchi. Alimi anabwera ambiri, ena wapansi kuchokera kumapiri, ena pa malole kuchokera ku Macanga. Atatha za mbewu ndi za feteleza, a Fabião anati alangizi onse amene alandira imelo aimirire kuti anthu awaone. Anaimirira mzere wonse, ndipo anthu anawomba m'manja, amayi ena analulutira. A Julião okha anatsala atakhala, pa benchi la kutsogolo, pakati pa akuluakulu awiri a kwawo. Mmodzi wa akuluakuluwo anafunsa mokweza ngati dzina la Kachingwe lachotsedwa m'bungwe. Munayamba phokoso. Iolanda anaimirira kuti afotokoze, koma a Fabião anakweza dzanja.

"Ndinati aliyense," anatero.

Lolemba m'mawa tinapeza kukopera kutatha. Iolanda sanakhulupirire msanga. Anafunsa servidor kuchuluka kwa makalata a m'bokosi, anafunsanso fulashi, n'kuona kuti zikufanana. Kenako anandiitana kuti ndisiye tsache ndikhale pa thumba. Analembanso mzere wofufuta uja wa Lachitatu.

"Mukufuna mumenye ndinu batanili?"

"Ayi."

Analidina yekha, mofatsa, osati mmene ankachitira masiku onse. Pagalasi sipanaoneke chachilendo. Anayambitsa fisheru ya a António komaliza, ndipo dzina lija linalowa ngati maina ena onse, popanda kudandaula.

"Basi?" anatero kwa servidor. "Mwezi wonse wandidyetsa mphepo, lero ukungoti chete ngati sunalakwe?"

Anasankha makalata a ogula n'kuwaika m'bokosi latsopano, n'kukaima pa chulu kuimbira a Julião kuwauza senya yawo. Ndinamumva akubwereza zilembo mokuwa, mphepo ikumulanda mawu. Akutsika pa chulupo anapeza a António akumudikira pakhonde, chipewa chili m'manja. Anayankhula naye motsitsa mawu, kumuuza kuti ntchito yamuthera. A Fabião sanabwere tsiku limenelo.

A António anandiuza pambuyo pake kuti anayesa kumupepesera, kuti ntchito yatheka ndipo nyemba za ku Chidzolomondo zipeza wogula. A Fabião akuti anayankha kuti kuchedwa akanakhululuka, koma sangagwire ntchito ndi munthu amene amati ayi anthu akumva. Sindikudziwa ngati Iolanda akanayankha mofewa zikanasintha kanthu. Kuyankha mofewa sankakudziwa, ngakhale kwa makina.

Iolanda ananyamuka m'mawa mwake. Ndinamunyamulira chikwama chimodzi mpaka pamsewu, pamene malole a mbatatesi amaima. Chifunga chinali chisanachoke. Ndinkafuna kumufunsa ngati abwerera ku Tete, ku kasitolo ka pafupi ndi mlatho, koma sanandipatse mpata. Iye ankayankhula za zina: kuti bambo ake akukumba mbatatesi sabata ino ndipo manja akusowa, kuti mwana wake adabwa kumuona pakati pa sabata. Lole itafika anaponya zikwama pamwamba pa matumba, n'kupisa m'thumba la juzi. Anandigwira dzanja, anaikamo fulashi ija, n'kundipinda zala. Inali yofunda.

"A Iolanda," ndinatero.

Anali atakwera kale pa tayala. Dalaivala analiza hutala, ndipo iye anatembenuka, dzanja limodzi litagwira chingwe cha katundu.

"Imeneyo mumpatse Stella m'manja, musatumize pa basi. Ndipo Mayi Cristina, ng'ombe yanga ija musamaikolopere pafupi, imaopa madzi."